Zinthu zimene ndimapanga popanda wondituma: ndizionetse ngati luso kapena ndizigulitse ngati katundu?

Funso: Ndine mayi wa ku Chilomoni ndipo ndimagwira ntchito pandekha yojambula pa kompyuta zizindikiro za makampani, zikwangwani ndi makadi a ukwati. Madzulo ndi Loweruka ndimayesa kupanga zinthu zanga zimene palibe anandituma: nyale zolukidwa ndi nsungwi, timatabwa ta pulasitiki tochokera ku zitsekerero za mabotolo zosungunula, komanso zoumba zina zimene ngakhale ine sindidziwa kuti ndizitchule chiyani. Anzanga ena akuti ndipite nazo kumalo oonetsera zaluso, ena akuti ndiyambe kugulitsa, pamene a kunyumba akuti ndikungotaya ndalama. Kodi ndilowere kuti, nanga ndingatani kuti ena asandibere nzeru zanga?

Yankho: Mayi, a kunyumba kwanu sakunama akamati ndalama zikutuluka, pakuti nsungwi, guluu, nthambo za magetsi ndi maulendo a pa minibasi opita ku Ndirande kapena ku Limbe zonse zikudya ndalama imene mwaipeza movutikira pojambulira anthu makadi a ukwati. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti mukutaya. Ntchito ya kasitomala imakupatsani chakudya, koma kawirikawiri siikuphunzitsani kanthu katsopano, chifukwa kasitomala amabwera atadziwa kale chimene akufuna, ndipo nthawi zambiri amafuna chofanana ndi chimene anaona kwa mnzake. Ntchito imene mwadzituma nokha ndi yokhayo imene imakulolani kufunsa funso limene palibe angakulipireni kuti mulifunse, monga lakuti kamzere kakang'ono ka nsungwi kangapindike kufika pati kasanathyoke. Vuto limene ndikuliona m'kalata yanu ndi lina: patebulo panu pali zinthu za mitundu itatu, ndipo inu pamodzi ndi anzanuwo mukuziyeza zonse ndi muyeso umodzi.

Nyale ndi chiwiya cha m'nyumba. Ikafika kwa wogula iyenera kuwala bwino, isatenthe, isagwe mwana akaigunda, ipukutike fumbi, ndipo akafuna ina ipezeke yofanana nayo pa mtengo umene banja la ku Namiwawa kapena mwini malo ogona alendo angavomere. Zoumba zanu zopanda dzinazo zilibe udindo wonsewu. Zikhoza kukhala zosalimba, zosakoma m'maso, ndiponso zosatheka kubwereza, koma zili ndi udindo wina wovuta kuposa pamenepo, wakuti woziona aime n'kuganiza chinthu chimene sanachiganizepo. Timatabwa ta pulasitiki sitinafike pa chilichonse mwa ziwirizi, chifukwa pakadali pano ndi kafukufuku chabe wofuna kudziwa khalidwe la chipangizo. Anthu ambiri aluso mumzinda muno amapunthwa pamalo omwewa: nyale ikamagwedera amaikhululukira ponena kuti ndi luso, ndipo choumba chikalephera kunena kanthu amachiika babu mkati kuti chioneke ngati chili ndi ntchito. Mapeto ake wogula katundu amakhumudwa, wokonda zaluso naye amangodutsa osaima.

Sindikukuuzani kuti musankhe mbali imodzi n'kusiyiratu inayo, chifukwa mbali ziwirizi zimadyetsana, malinga mukudziwa kuti lero mukugwira iti. El Anatsui, waluso wa ku Ghana amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa yunivesite ya ku Nsukka m'dziko la Nigeria, anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuphwatalitsa zitsekerero za mabotolo a mowa n'kuzilumikiza ndi waya wa mkuwa mpaka zikhale ngati chinsalu chachikulu cholendewera pakhoma, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Zinsalu zimenezo palibe amazifunda, ndipo palibe amafunsa ngati zimachapika. Mphamvu yake ili pa zimene zitsekererozo zimakumbutsa za mowa, malonda ndi mbiri ya Africa. Cheick Diallo wa ku Mali, amene amapanga mipando pamodzi ndi amisiri a ku Bamako pogwiritsa ntchito zitsulo ndi ulusi wa nayiloni, ali pa mlandu wina: mpando wake, ukongole chotani, uyenera kunyamula munthu wolemera tsiku ndi tsiku osapindika. Onse awiri anayamba ndi zipangizo zimene ena amaziona ngati zachabe, koma aliyense ankadziwa bwalo limene ntchito yake ikaweruzidwire.

Za kayesedwe ka zinthu, chitsanzo chili pafupi nanu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Mishoni ya Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi anthu a kuno amene anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewo. Panalibe pulani yatsatanetsatane yojambulidwa papepala ntchito isanayambe. Njerwa zinkaumbidwa pomwepo m'zikombole za matabwa za maonekedwe osiyanasiyana, ndipo chigawo chovuta ankayamba achiyala ndi njerwa zokhazokha popanda matope omangira, kuti aone ngati chiime ndi mmene chionekere, asanachimange zenizeni. Mukadzadutsako mudzayang'anitsitse m'makona ndi pamwamba pa mazenera kuti muone kuchuluka kwa mitundu ya njerwa imene inabadwa pa kuyesako. Charles ndi Ray Eames, banja la ku America lodziwika popanga mipando, anachita zofananako ku Los Angeles mu 1941, pamene ankapinda pulayiwudi m'chipinda cha nyumba yalendi ndi makina odzipangira okha, opopedwa ndi pampu ya njinga. Kuyesa kwawo kunabala poyamba zomangira miyendo ya asilikali ovulala mu 1942, ndipo mipando imene inawatchukitsa inabwera cha mu 1946. Zaka zonsezo funso lawo linali limodzi lokha, lakuti thabwa lopyapyala lingapindidwe bwanji mbali ziwiri nthawi imodzi osang'aluka.

Apa ndi pamene ndikukupemphani kuti muchepetse. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo munthu amene ali ndi madzulo ndi Loweruka lokha sangatsate nsungwi, pulasitiki ndi dongo nthawi imodzi n'kufika nazo patali. Pa zitatuzi, nyale ndiyo yayandikira kukhala katundu, choncho ipatseni miyezi itatu kapena inayi yakeyake, ndipo muigwire ngati ntchito ya kasitomala wovuta. Lembani patsamba limodzi kuti nyaleyo ndi ya munthu wotani, idzaikidwa pati, ikhale yaikulu bwanji, isapitirire mtengo wanji, ndiponso tsiku limene mudzaleke kuikonzakonza. Patulani ndalama yake mwezi ndi mwezi, kagawo kodziwika ka zimene mwapeza, ndipo ikatha dikirani mwezi wina m'malo motapa ya lendi. A kunyumba akaona kuti pali malire, mkangano umachepa wokha. Ntchito ya makadi ndi zikwangwani musaisiye, chifukwa ndiyo mpamba wa zonsezi. Kumbukiraninso kuti ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zochokera kunja monga vanishi, utoto, mababu ndi masoketi zinakwera mtengo kwambiri, kotero nyale yanzeru ndi imene ili ndi zigawo zochepa zogula kunja, ndipo zochepazo zikhale zopezeka m'masitolo wamba a ku Limbe, osati zoitanitsa ku Johannesburg.

Nyale zambiri zokongola zimafera pa nsungwi yeniyeniyo. Nsungwi imasunga mkati mwake chakudya chimene tizilombo timakonda, ndipo pakapita miyezi ingapo wogula amayamba kuona timabowo ting'onoting'ono ngati toboola ndi singano, ndi kaufa kachikasu patebulo pansi pa nyale m'mawa uliwonse. Kaufako ndi chizindikiro chakuti nsungwi yafumbwa, ndipo vanishi wopaka pamwamba sathandiza kanthu chifukwa tizilomboto tili kale mkati. Muzifuna nsungwi yokhwima, ya zaka zitatu kufika zisanu, yodulidwa mvula itangotha, pamene mphukira zatsopano zamwa kale chakudya chambiri cha m'tsinde. Akale ankaiviika m'madzi kwa milungu ingapo kuti chakudyacho chisukuluke, ndipo njira imeneyo imathandizadi, koma yodalirika koposa ndiyo kuviika nsungwi yong'alula m'madzi osungunuliramo mankhwala otchedwa borax ndi boric acid kwa pafupifupi mlungu umodzi, kenako n'kuiumitsa pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa lowomba mwachindunji limaing'alula. Mukatero yambani kuyesa kwenikweni. Sendani timizere ta kuchindikala kosiyana, kena milimita imodzi, kena imodzi ndi theka, kena ziwiri, muviike m'madzi otentha, mukulunge pa ndowa, mumange ndi luzi, ndipo tikauma mumasule n'kuyeza kuti kalikonse katambasuka motani. Lembani zonse m'kope ndi tsiku lake, ndipo kamzere kalikonse mukalembe nambala ndi pensulo. Timizere tina muike panja pakhonde kuti tikumane ndi chinyezi cha chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, tina tidikire kutentha kwa mu Okutobala, chifukwa nyale yolukidwa mothina nyengo ina imatha kukhwefuka nyengo inayo.

Pa kalukidwe, musathamangire zithunzi za pa intaneti musanapite ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri ndi kumsika kukaona mmene lichero, dengu ndi mono zimalukidwira, makamaka mmene mlomo wake umamalizidwira, chifukwa pamlomo ndi pamene choluka chimayambira kumasuka. Kuwala kumadutsa m'maso a mono mosiyana ndi mmene kumadutsira m'lichero, ndipo kusiyana kumeneko kukhoza kukupatsani nyale ziwiri zosafanana kuchokera ku nsungwi imodzi.

Nkhani ya magetsi siilola kuyerekeza. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo nsungwi youma imayaka msanga. Gwiritsani ntchito babu la LED lokha, siyani mpata wokwanira pakati pa babu ndi choluka, ndipo pakhale potseguka pansi ndi pamwamba kuti mpweya wotentha uzituluka. Nthambo igwiridwe molimba pamene ikulowa m'nyale, kuti munthu akaikoka mwangozi mawaya asazuke pa soketi, ndipo ngati pali chitsulo chimene dzanja lingakhudze, chilumikizidwe ku waya wa pansi kudzera pa pulagi ya mano atatu. Ntchito imeneyi ipatseni katswiri wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo, ndipo musanayambe kuika nyale m'masitolo mukafunse ku bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili mu Blantyre momwe muno, kuti akuuzeni zimene zikufunika pa katundu wotere. Ine ndikanakhala inu ndikanayesanso nyale yoyendera mavoti asanu, yolumikiza ndi nthambo ya USB ngati ya foni. Imeneyo ilibe mantha a kugwidwa ndi magetsi, imayaka ndi pawabanki kapena kasola kakang'ono magetsi akathima, ndipo ikuyankha vuto limene wogula wa kuno ali nalodi, pamene nyale yokongola yodalira ESCOM yokha imazima pa nthawi imene ikufunidwa.

Pulasitiki ndikuti muiike pambali kwa kanthawi, koma popeza mwayamba kale kuisungunula, pali zina zimene muyenera kudziwa lero. Yang'anani nambala imene ili mkati mwa kachizindikiro ka makona atatu. Zitsekerero zambiri ndi za nambala 2 kapena 5, ndipo ziwirizi zisasakanizidwe, chifukwa ya 2 imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130 pamene ya 5 imafuna oposa 160, kotero thabwa losakaniza limakhala ndi malo ena osagwirana ndipo limathetheka. Ya nambala 3, imene imapezeka m'mapaipi a madzi, musaiyandikize pamoto ngakhale pang'ono, chifukwa utsi wake ndi wapoizoni. Mukaona utsi pa pulasitiki iliyonse, dziwani kuti mwasiya kusungunula ndipo mwayamba kuwotcha. Ntchitoyi ichitikire panja, m'uvuni wakewake umene sudzaphikiranso chakudya, osati pambaula pamene moto sungayezedwe, ndipo thabwa lizizirire lili lopanidwa pakati pa zitsulo ziwiri zosalala, mwina ndi jeke ya galimoto, apo ayi limakhota. Gulu la Precious Plastic, limene Dave Hakkens anayambitsa ku Netherlands mu 2013, linaika pa intaneti kwaulere mapulani a makina ophwanyira ndi kupanira pulasitiki, ndipo wowotcherera zitsulo waluso akhoza kuwatsatira. Zotuluka pamenepo musapangire mbale kapena chodulirapo ndiwo, pakuti simudziwa zonse zimene zitsekererozo zinakhudza. Mwina tsiku lina nyale idzafuna tsinde lolemera kuti isagwe, ndipo pamenepo mudzaona ngati thabwa lochindikala la pulasitiki likukwanira kapena ngati dongo lootcha, limene ndi lolemera kuposa, ndilo loyenera. Koma chisankho chimenecho chichokere ku kugwedera kwa nyale, osati ku chifundo chanu pa zinthu zimene mwavutikira.

Nyale imodzi yabwino sinakhalebe katundu. Mudzadziwa kuti mwapanga katundu tsiku limene padzakhale nyale khumi zofanana, zina mwa izo zolukidwa ndi manja a munthu wina inu kulibe. Kuti zimenezi zitheke pafunika chikombole cha matabwa kapena cha waya chimene choluka chilichonse chizikulungidwapo, kathabwa koboola kosonyeza pamene msomali uliwonse ulowe, ndi pepala la miyeso imene mmisiri angawerenge ndi tepi yake. Ambiri amene anazolowera kompyuta amapita ku Ndirande ndi chithunzi chokongola pafoni, n'kudabwa kuti wowotcherera zitsulo wapanga china. Mmisiri amamva bwino chinthu chimene angachigwire, choncho mutengereni nyale yeniyeni ndi patani yodula pa katoni mu msinkhu wake weniweni. Akakuuzani kuti apa sipatheka, musafulumire kuganiza kuti ndi ulesi. Funsani chifukwa chake, pakuti nthawi zambiri iye akudziwa kuti waya wa kuchindikala kumeneko amapsa pa makina amene ali nawo, kapena kuti ngodya imeneyo idzadya ola lathunthu pa nyale iliyonse. Chinthu choyamba choyesera muzilipira mtengo wapadera, woposa wa zinthu zotsatira, chifukwa chimadya nthawi yake yambiri ndipo mwina chidzatayidwa. Mukalipira ngati katundu wamba, ulendo wachiwiri adzakuzembani. Dzina lake lilembedwe pa kapepala ka nyale pamodzi ndi lanu. Mipando yathu yoluka ija imagulitsidwa m'masitolo a ku Cape Town ndi ku Ulaya ndi dzina la dziko lino, koma wogula kawirikawiri sadziwa amene anailuka, ndipo sindikufuna kuti inu, amene muli pafupi ndi amisiriwo, muyambe ndi chizolowezi chomwecho.

Mwa nyale khumizo, zitatu kapena zinayi zisagulitsidwe. Zibwerekeni kwa anthu osiyana, monga banja la ana aang'ono, wophunzira wowerenga usiku ndi mwini lesitilanti, ndipo pakatha mwezi mupite mukaone nokha m'malo mofunsa pafoni, chifukwa anthu athu ndi aulemu ndipo adzakuuzani kuti ndi yabwino kwambiri. Mukapeza kuti yaikidwa pamwamba pa kabati ndipo nthambo yakulungidwa, mwamva yankho. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, anayamba ngati ntchito ya ophunzira a ku Rice University ku America, amene anagwiritsa ntchito mapampu a m'matanki a nsomba zoweta m'nyumba kuti mtengo utsike. Chimene chinawasandutsa chipangizo chodalirika chinali kuwayesa pa chipatala cha Gulupu pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a kuno, ndipo kafukufuku wa mu 2012 anasonyeza kuti ana 71 pa 100 alionse amene anathandizidwa nawo anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 amene analandira mpweya mwa njira yakale. Nyale si nkhani ya moyo ndi imfa ngati imeneyo, koma dongosolo lake ndi lomwelo. Ku MUBAS, kumene kale tinkati Polytechnic, kuli malo oyeseramo kupanga zipangizo amene anakhazikitsidwa mogwirizana ndi yunivesite yomweyo, ndipo n'koyenera kukafunsa ngati munthu wakunja angathandizidweko pa zigawo zofuna makina.

Pa mtengo, cholakwika chofala ndi kuiwala nthawi ya mwini wake. Werengani zipangizo, malipiro a amisiri, mayendedwe, katoni yoikamo, nsungwi imene yawonongeka posenda, ndi maola anu pa mtengo umene mumalipiritsa pojambula chikwangwani, kenako muonjezere phindu. Ngati mudzagulitsire kudzera m'sitolo, mwini sitolo adzafuna gawo lake lalikulu ndithu, ndipo gawolo liyenera kulowa mu mtengo kuyambira pachiyambi, kuti mtengo wa pa Facebook usadzakhale wotsika kuposa wa m'sitolo imene ikukuthandizani. Mukawerenga n'kupeza kuti palibe angagule pa mtengo umenewo, bwererani ku kapangidwe mukachepetse maola. Musachepetse malipiro a woluka. Ndalama za miyezi yoyesera musazisenzetse nyale khumi zoyamba, chifukwa zidzabwerera pang'onopang'ono, ndipo zina zidzabwera ngati makasitomala atsopano amene aona kuti mumaganiza mopitirira makadi. Chionetsero cha zamalonda chimene chimachitika ku Chichiri chaka ndi chaka ndi malo abwino oonera nkhope za anthu akamva mtengo, ngakhale mutagawana malo ndi anzanu awiri kapena atatu kuti lendi ichepe.

Zoumba zanu zija musazifulumize, ndipo musazikakamize kulipira lendi. Zimafuna kuti muzipanga zambiri motsatana mpaka muone chimene chikubwerezabwereza popanda inu kufuna, chifukwa pamenepo ndi pamene pali nkhani yanu. Zikakwana zisanu ndi zitatu kapena khumi zoyankhulana, lembani ndime imodzi ya Chichewa chomveka yonena chimene mukufufuza, muzijambule pakhoma loyera ndi kuwala kwa m'mawa, pakhale chithunzi chimodzi chokhala ndi munthu kapena dzanja kuti msinkhu udziwike, ndipo mukaonetse eni malo monga La Caverna ku Mandala House, nyumba ya mu 1882 ija, kapena Jacaranda Cultural Centre. Billie Zangewa, amene anabadwira mu Blantyre mu 1973, amasoka ndi manja zidutswa za silika kukhala zithunzi za moyo wa pakhomo, ndipo ntchito yake ikuonetsedwa m'maiko ambiri. Samson Kambalu, waluso winanso wa kuno ku Malawi, anaimika chiboliboli cha John Chilembwe pa Trafalgar Square ku London mu 2022, kuchokera pa chithunzi cha mu 1914. Onsewa anafika kumeneko atakhala zaka zambiri pa nkhani zochepa. Chenjezo limodzi apa: alendo amakonda zinthu za gule wamkulu, makamaka chiyambire pamene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo mudzayesedwa kuika nkhope za gule pa nyale kapena pa choumba kuti chigulidwe msanga. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo si chokongoletsera chimene aliyense angatole. Chimodzimodzi ndi mitengo ya chilengedwe: mkungudza wa ku Mulanje uli pafupi kutha, ndipo phingo ali pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zotetezedwa, kotero chinthu chopangidwa ndi mtengowu chikhoza kufuna zikalata potuluka m'dziko. Paini, bulugamu ndi malaina n'zokwanira pa zimene mukuchita.

Za kuberedwa nzeru, lamulo limasiyanitsanso mbali ziwiri zija. Choumba, chojambula kapena chithunzi chimatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 kuyambira pamene mwachipanga, popanda kulembetsa, ndipo bungwe la COSOMA lingakulangizeni za ufulu wanu. Lamulolo limateteza chinthu chimene mwapanga mmene chikuonekera, osati ganizo lakuti nyale ingalukidwe ndi nsungwi, chifukwa ganizo limenelo ndi la aliyense. Maonekedwe a katundu wopangidwa wambiri amalembetsedwa padera ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi maina a malonda, kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loteteza umwini wa nzeru, ku Harare pansi pa pangano la mu 1982 ngati mukufuna chitetezo m'maiko angapo, ndipo chofunika pamenepo n'chakuti maonekedwewo akhale atsopano pa tsiku lolembetsa. Ichi ndi chifukwa chake muyenera kusankha ngati mulembetsa musanaike zithunzi zomalizidwa pa Facebook kapena kupita nazo ku Chichiri. Kunena zoona, kwa munthu wopanga nyale makumi angapo pa chaka, kuthamangitsa wokopera kubwalo la milandu kumadya ndalama zoposa zimene wamubera, ndipo nyale ikayenda malonda mudzaiona yokopedwa m'mbali mwa msewu. Wokoperayo adzatenga maonekedwe, koma sadzadziwa kaviikidwe ka nsungwi, miyeso ya chikombole ndi zonse zili m'kope lanu, ndipo yake idzayamba kutulutsa ufa pamene yanu ikadali yolimba. Chimene ndingakulimbikitseni kulembetsa msanga ndi dzina ndi chizindikiro cha malonda anu, popeza n'zimene wogula adzazifunafune. Ndi amisiri mulembe pangano lalifupi la Chichewa, losainidwa ndi mboni, lonena kuti chikombole ndi chanu ndipo chibwerere kwa inu ntchito ikatha, komanso ngati aloledwa kulukira ena nyale yomweyo kapena ayi. Mwini hotela akadzaoda nyale makumi awiri, palembedwe poyera kuti wagula nyalezo zokha, ndipo ngati akufuna kuti maonekedwewo akhale a iye yekha, umenewo ndi mtengo wina umene mudzakambirane padera.